Amalemu Mateyu ndi Nthochi za Stefano

Kwathu kuno kuseri kwa Kamwendo, mukanafunsa kuti nyumba ya a Mateyu Kamchacha ndi iti, anthu akanayamba ayang'anana kaye. Koma mukanati, "Kwa Amalemu n'kuti?" ngakhale mbuzi ikanakulozerani ndi ndevu. Dzinali sanalitole pa mowa ayi, analipeza mwachilungamo. Anamwalira mu 1944, analiridwa, anaikidwa m'manda mwaulemu wonse, kenako anakhala zaka zina zambirimbiri akulima mtedza ndi kukangana ndi akazi awo, a Luwiza, pa nkhani ya fodya wa m'kaliwo.

Anali munthu wamtali, wouma ngati nsungwi ya chaka chatha, wotsimphina mwendo wamanzere. Akamva wina akubuula ndi malungo ankamusuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Usaope iwe, ine ndinapitako kumeneko. Kulibe moto, koma mvula yokhayokha." Tinkaseka. Zinatitengera nthawi kuti tizindikire kuti mbali ya mvulayo sankanena zoseka.

Ali mnyamata, a Mateyu anali ndi bwenzi lawo la ponda apa nane mpondepo, Stefano wa ku Kapondo. Anadziwana ku mishoni pophunzira za ubatizo. Stefanoyu anabadwa amayi ake atataya ana angapo motsatizana, ndiye anamutcha Chitayeni, kuti imfa ikamadutsa iziyesa chinthu chotayidwa kale, isavutike n'kuwerama. Imfa inapusitsikadi, mwana anakula. Ansembe anamupatsa dzina la Stefano, koma iye sanaiwale kuti moyo wake unapulumukira pa dzina.

Nkhondo ya Hitila itakula, asilikali a Keyala anabwera ku boma, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Fort Manning, akuimba malipenga ndi ng'oma, atavala zipewa zopinda mbali imodzi. Anyamata awiriwa analembetsa tsiku lomwelo. A Mateyu anali atangokwatira kumene, ndipo mpaka ukalamba wawo a Luwiza ankauza aliyense kuti iwo anasiyidwa chifukwa cha chipewa.

Msilikali aliyense ankavala m'khosi timabatani tiwiri pachingwe, tolembedwa nambala yake. Ali m'sitima ya pamadzi kupita ku nkhondo ku dziko la Bama, Stefano anafunsa ntchito ya timabatanito, ndipo anamuuza kuti n'toti ukafa adziwe kuti wafayo ndani.

"Ndiye kuti imfa ya Azungu imadziwa kuwerenga," anatero Stefano kwa mnzake. "Vula, tisinthane. Ikabwera kufuna Mateyu ipeza nkhope yanga, isokonezeka. Ikabwera kufuna ine ipeza chinkhope chako chotalikacho, ithawa yokha. Ine njira imeneyi inandipulumutsapo kale."

Anasinthana akuseka.

Nkhalango ya ku Bama, malinga ndi a Mateyu, si yoti n'kuiyerekeza ndi ya m'phiri la Mchinji. Mitengo yake inali yowongoka ngati mizati ya tchalitchi, masamba aakulu ngati malichero, moti dzuwa ankangolimvera mbiri. Mvula inkagwa osapumira. Misundu inkalowa m'nsapato n'kutuluka itakhuta ngati zala. Nyulu zonyamula katundu zinkatitimira m'matope mpaka m'mimba. Malungo anayamba kutola anthu mfuti isanalire n'komwe.

M'nkhalangomo munali kaphiri kena. Majapani anali atakumba maenje pamwamba pake, n'kufolera ndi zipika ndi dothi, udzu n'kumerapo. "Mdani woti sukumuona," ankatero a Mateyu. "Umangoona mnzako wakhala pansi ngati watopa." Analamulidwa kukwera. Ankakwera chokwawa, poterera, akugwira mizu, mfuti za chiwaya zikusadzula makungwa ndi nthambi pamwamba pawo. Anabwezedwa, anakweranso, anabwezedwanso. "Pokwera tinali ngati anthu a m'tchalitchi pa Khirisimasi. Potsika tinali ngati a misa ya Lachiwiri m'mawa." Kaphiriko anakalanda ndithu, koma pasanathe sabata anauzidwa kuti akasiye, apitirire kutsogolo. Kanalibe ndi dzina lomwe.

Stefano chipolopolo chinamupeza pamimba. A Mateyu akumukokera kuseri kwa mtengo, china chinawaboola ntchafu. Anagona pamenepo awiriwiri mvula ikuwakhuthukira, mpaka Stefano anasiya kuyankha. A Mateyu anatsitsimukira m'chipatala ku Indiya, anamwino akuwaitana kuti Stefano. Anafotokoza zonse. Akuluakulu anawakalipira kwambiri n'kulonjeza kuti akonza, ndipo mwina kumeneko anakonzadi. Koma uthenga wa maliro uli ndi miyendo yaitali. Wokonzawo unasochera panjira.

Kuno kwathu kunafika mesenjala kudzanena kuti Mateyu Kamchacha wafa ku nkhondo. Abale anachita monga mwa mwambo. Munthu akafera kutali mtembo wake osabwera, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'mphasa, kulilira ngati munthu n'kukaliika kumanda, kuti mzimu upeze pofikira usamangoyendayenda. Anatero. A Luwiza anametedwa mpala n'kusudzulidwa. Mbuzi za malemu anagawana.

Mu 1946, masana dzuwa likuswa mtengo, malemu aja anatulukira panjira ya ku dambo, chikwama paphewa, chipewa chopinda chili pamutu. Amayi anasiya misi ili chiimire m'mitondo. Amalume awo, amene anali atavala jekete la malemulo, ndiwo anathamanga kuposa onse. Wina wolimba mtima anawaponyera dothi kuti aone ngati azimiririke, koma iwo anangosasa malaya n'kupempha madzi akumwa. A Luwiza okha ndiwo sanathawe. Anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kuchipewa n'kunena kuti, "Ine mwamuna wanga ndinamulira, tsitsi n'kumeta. Inu ngati mukufuna banja, funsirani." Anafunsiradi, ndi sopo wa ku Mombasa, ndipo anayankhidwa patapita mwezi.

Atawaperekeza kumanda, m'msitu wathu uja wa mikuyu ndi misuku, a Mateyu anaima pa mtumbira wawo nthawi yaitali. "Munakumba bwino," anatero. "Koma munalira munthu wolakwika."

M'mawa mwake anatsimphina ulendo wa ku Kapondo. Sanabise kanthu, ngakhale za kusinthana kuja. Amayi ake a Stefano anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anayankha mofatsa. "Boma linati iwe wafa, ndipo si uyu wabwera ndi miyendo yako? Za wanga boma silinanene kanthu. Abwera." Anakana thunthu, anakana maliro. Anadikira mpaka tsitsi linayera, ndipo pomwalira anasiyira mawu mwana wawo wamkazi, Veronika, amene anali kamtsikana kosadziwa n'kusinja komwe pamene mlongo wake ankapita ku nkhondo. Anati asadzalole kuti mlongo wake akwiriridwe ali moyo monga anachitira anthu a ku Kamwendo aja.

Choncho panali munthu wamoyo wokhala ndi manda, ndi wakufa wopanda manda. Pa tsiku lolambula kumanda, a Mateyu ankalambula pa mtumbira wawo womwe, mosamala kuposa aliyense. Ena ankawalangiza kuti angowatenga mandawo ngati a mnzawo, nkhani ithe. Iwo ankapukusa mutu. "Munthu sagona kumanda kwa eni. Ndiponso amene analira pano ankatchula dzina langa. Iyeyo palibe anamulirapo, ngakhale nkhuku." Mvula yoyamba ikamagwa mu Novembala, ankaima pakhonde kuyang'ana kum'mawa n'kunena kuti, "Mnzanga akunyowa." Mawuwa anafala. Mpaka lero kwathu kuno munthu akaiwala mphale panja mitambo itada, timakuwa kuti mnzanga akunyowa, ambiri osadziwa kumene mawuwo anachokera.

Zinakhala choncho mpaka 1995. Matipate anali akadali achilendo, aliyense akuyankhula ngati wailesi yoikidwa mabatire atsopano, ndipo mabanja amene abale awo anasowa m'zaka za m'mbuyomo anayamba kutchula maina awo poyera. Chaka chimenecho nkhondo ija inali itakwanitsa zaka makumi asanu chithereni, ndiye mu Novembala kunabwera lole kudzatenga asilikali akale kuti akakhale nawo pa mwambo wokumbukira anzawo. A Mateyu anavala jekete ndi chipewa chija, chimene njenjete zinali zitachita nacho nkhondo yawoyawo. Anawaperekeza ndi a Vitus, mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzi mwathu. Bambo awo a Vitus ndiwo anakumba manda oyamba aja, choncho a Vitus ankawatcha a Mateyu kasitomala wa banja lawo.

Kumwamboko anawabaya kaduwa kofiira ka pepala pachifuwa. Ana a sukulu anaimba. Wina analiza lipenga, nyimbo yake yomweija ya kale, ndipo a Mateyu anaima njo, mwendo wodwala uja osaukumbukanso. Kenako kunalengezedwa kuti onse akhale chete. A Mateyu anavula chipewa, kudikira kuti amayi ayambe kulira. Asanameze n'malovu omwe, lipenga linaliranso, akuluakulu anayamba malankhulidwe, kenako kunabwera mabanzi ndi zakumwa za m'mabotolo.

"Vitus," anafunsa mokweza, pakuti khutu limodzi linatsalira ku Bama, "kodi kulira kuyamba nthawi yanji?"

"Kwatha, Amalemu. Kukhala chete kuja ndiye kulirako."

"Kuja? Anthu onse aja a m'nkhalango, kulira kwake n'komweko? Nkhuku ya a Luwiza itagwidwa ndi mphamba maliro ake anatalikirapo."

Anthu oyandikira anaseka m'manja. A Mateyu sanaseke. Banzi anaika m'thumba, nakwera lole kubwerera kumudzi.

Kutacha anatenga khasu n'kupita kudimba. Thunthu la nthochi sanadule monga achitira anthu onse. Analikumba lonse ndi chitsa chomwe, poti msilikali sachita zinthu mwatheka. Analikulunga m'mphasa, n'kulimanga ndi mphira pa kaliyala ya njinga, ulendo wa ku Kapondo.

A Veronika panthawiyi anali mayi wamasiye, wamfupi, wogulitsa matimati pa tsiku la msika ku Kamwendo. Lilime lawo linali lodziwika mpaka kumalire, moti ogula a ku Zambia ankayamba ndi kupepesa asanafunse mtengo.

"Odi kuno, alongo!"

"Ine alongo anga ndi amodzi, ndipo sali pano," anayankha a Veronika, akupitiriza kusola mtedza. "Mwanyamula chiyani ngati mtembo?"

"Ndi mtembo womwe. Ndabwera naye Stefano kuti mumulire."

"Taonani zimene ukalamba umachita! Inu kwanu munazolowera kukwirira nthochi. Kuno nthochi timadya."

"Ndinamuona ndi maso angawa, alongo."

"Maso ake omwewo amene anaona kuti n'kwabwino kumuveka mnzanu imfa yanu m'khosi?"

Apa a Mateyu akanatha kunena kuti nzeru yosinthana inali ya Stefano. Dera lonse linkadziwa zimenezo. Koma anangozunguza chipewa m'manja. "Chipolopolo chinali changa, sindikana. Koma iye akunyowa."

A Veronika anadzuka, anamasula mphira, anakhwekhwereza thunthulo kuseri kwa nyumba n'kukaliponya kudzala. Mphasa anasunga, poti inali yatsopano. Kenako anabweretsa madzi m'chikho, chifukwa mlendo ndi mlendo ngakhale wakupsetsa mtima. A Mateyu anamwa, anathokoza, nakwera njinga.

Novembala wotsatira anapitanso, ndi thunthu lina la chitsa chake. Linakagwera kudzala komweko. Wotsatiranso chimodzimodzi. Tsono dzala mukulidziwa, phulusa ndi zitosi za nkhuku zonse zimathera kumeneko. Zitsa zija zinagwira, zinaphuka, zinabala ana, anawo n'kubalanso. Pofika chaka cha 2000, kuseri kwa nyumba ya a Veronika kunali kankhalango ka nthochi kamdima, koti mvula ikagwa masamba ankadontha mpaka madzulo. Mikoko yake ankaigulitsa pa msika, ndipo anthu, amene alibe chisoni ndi nkhani za eni, anazitcha nthochi za Stefano. Zinali zotsekemera, tisaname. Koma palibe anaonapo a Veronika akusenda ngakhale imodzi kuti adye.

Miseche sinachedwe. Ena ankati nkhalambayo ikufunsira mbeta mobisalira kumaliro. Nkhani itafika kwa a Luwiza, anangoti, "Ngati akufunsira ndi thunthu la nthochi, mtengeni. Ine anandifunsira ndi sopo." Koma oyandikana ndi a Veronika ankanena zina. Ankati Novembala akayandikira, mayiwo ankasesa pabwalo m'mawa uliwonse mpaka kumsewu, ndipo chinangwa ankaphika choposa cha munthu mmodzi. Ankatinso maulendo aja anayamba kutalika. Thunthu likaponyedwa kudzala, mlendo ankakhala pampando, mwini khomo akumulalatira, iye n'kumayankha ndi nkhani za Stefano: mmene ankalizira mkonono mpaka sajeni kumusamutsira kunja kwa tenti, mmene anakanira mpunga sabata yonse kuti si chakudya koma ndiwo zosapsa, mmene anagwadira m'sitima kupempha kuti amutsitse ayende wapansi.

"Bodza!" ankatero a Veronika. "Alongo anga sankaopa kanthu."

"Madzi ankaopa, alongo."

"Ndiye anatani?"

Ndipo nkhani inkapitirira mpaka dzuwa kupendeka. Koma ikafika pa mawu oti maliro, a Veronika ankaimirira n'kukutumula chitenje. "Kwada, Amalemu. Njira ya kwanu ndi iyo."

Pa njala ya 2002, anthu atafika pokumba zitsa za nthochi n'kumasinja kuti apeze ufa, kankhalango kaja kanapulumutsa mabanja angapo a ku Kapondo. A Vitus anati, "Stefanoyu wadyetsa mudzi asanaikidwe n'komwe, nanga akadzaikidwa?"  Koma a Mateyu njalayo inawafoola kwambiri, ndipo sanabwererenso m'thupi mwawo.

Mu Novembala 2003 anapita pa kabaza, atagwira woyendetsa m'chiuno ngati mwana. Kumbuyo kunalibe mphasa.

"Lero mwabwera chimanjamanja?" anafunsa a Veronika. Anayang'ananso kumsewu ngati thunthu likubwera lokha pambuyo.

"Mphamvu zokumba zatha, alongo. Zili kuseri kwanuko zambirimbiri. Mungodulapo limodzi."

Anakhala pansi, chinangwa osachikhudza. Anapisa dzanja m'khosi n'kutulutsa kachingwe kakuda ndi thukuta, pali kabatani kamodzi kofufuma. Anali atakabisa m'chipatala ku Indiya, ndipo zaka zonsezi sanakavule.

"Nambala yake ndi iyi. Mudzamangirire pathunthupo. Ndipo pali mawu amene sindinakuuzeni, poti munkandithamangitsa ndisanafikepo. Pansi pa mtengo paja sanatchule za nkhondo. Anayang'ana mvula n'kunena kuti, 'Mateyu, mvula iyi kwathu abzala. Nanga kamunda ka kuchulu kaja awalimira ndani amayi? Veronika n'kamwana.' Basi. Anabwereza kangapo."

A Veronika anayang'ana zala za kuphazi. "Kamunda kameneko ndinalima ndine," anatero pomaliza. "Khasu linkanditalikira."

"Ndiye mumulire, alongo. Ine ndimveko ndi khutu latsalali."

Mayiwo anatenga kabatani kaja, anakatembenuza uku ndi uku, kenako anakabwezera m'dzanja la a Mateyu n'kuwapinda zala. "Mubwere nako chaka chamawa. Tidzakambirane bwino."

"Chaka chamawa n'kutali."

"Aa, inu simufa. Munafa kale."

A Mateyu anamwalira mu Febuluwale, chimanga chikumasula. Tsopano zinali zenizeni, ngakhale ena atamva uthenga anafunsa kaye ngati wina waona mtembo ndi maso. Adzukulu anakangana ngati afukule manda akale kapena akumbe ena, ndipo a Vitus anagamula kuti munthu wolipira msonkho zaka zonsezi ayenera nyumba yatsopano. Anakumba pambali pa akalewo. Posambitsa thupi, a Vitus anapeza kachingwe kaja m'khosi. Anakadula n'kukapereka kwa a Luwiza. "Uyu tikamuika ndi nambala ya mnzake," anatero, "tikhala talakwitsa kawiri."

A Veronika kumaliroko sanaoneke. Amayi pasiwa ananong'onezana kuti mtima wotere ndi wa mwala wa mphero.

Atametedwa kachiwiri chifukwa cha mwamuna yemweyo, a Luwiza anamanga duku, anamangirira kabatani kaja pamfundo ya chitenje, nakwera kabaza wa ku Kapondo. Sanali kupita kukacheza. Mawu anali atawakonza kale panjira, ndipo amene amawadziwa a Luwiza akudziwa kuti sanali a m'buku la mapemphero. Koma anapeza a Veronika atakhala pansi m'kati mwa nthochi zija, pabwalo posasesa, pamoto pozizira.

"Ndabweretsa katundu wa kwanu," anatero a Luwiza, akumasula mfundo.

A Veronika analandira ndi manja awiri. "Ndinkadziwa, mayi," anatero. "Ndinadziwa kalekale, amayi asanamwalire n'komwe. Munthu wamoyo sakhala chete zaka zonsezi. Koma ndikanavomera, abambo aja akanabweranso kudzatani kuno? Pa dziko lonse lino anatsala okha amene ankalowa pabwalo langa n'kutchula alongo anga ngati munthu amene wangotuluka kumene. Nkhope yawo ine ndinaiwala, mayi. Ndinkaionera m'nkhani za amuna anu zija. Ndiye ndinkangoti chaka chamawa, chaka chamawa."

"Mwamuna wanga wapita akuganiza kuti mnzake akunyowabe," anatero a Luwiza. Mawu ena onse amene anakonza panjira aja sanawanene. Anakhala pansi pomwepo, ndipo nkhalamba ziwirizo zinakhala moyandikana, masamba akudontha.

Sabata yomweyo uthenga unafika kwathu kuti ku Kapondo kwagwa maliro, kwa a Veronika. Ambiri tinayesa kuti ndi iwo atisiya. Titafika tinawapeza ali moyo, atakhala pafupi ndi thunthu la nthochi limene anadula okha ndi chikwanje, lokulungidwa m'mphasa ija anasunga ulendo woyamba, kabatani kali pachingwe chatsopano. Anali maliro athunthu, ogonera, a kwaya ndi adzukulu a midzi iwiri. Achinyamata ena anabwera kudzaseka, kuti akaone nkhalamba zikulira nthochi. Koma ponyamula, a Veronika anagwira mphasayo n'kutulutsa mawu amene palibe anawamvapo pa msika. Sanatchule Stefano ayi. Ankati, "Chitayeni, alongo anga! Chitayeni, lowani m'nyumba, mwanyowa!" Oseka aja anayamba kuyang'ana kumbali, ena akupukuta m'maso ndi malaya.

Pokwirira, a Vitus anaima ndi fosholo, anayang'ana cha kwathu kuno, n'kunena mokweza monga ankachitira poyankhula ndi khutu logontha lija. "Amalemu, mwamva? Kulira kuja kwayamba." Anadikira pang'ono. Kenako anapukusa mutu. "Munthu woti imfa yoyamba munaichedwera zaka zonse zija, iyi yokha mwafulumira nayo sabata ziwiri."

A Veronika anakhala zaka zina zitatu. Akuti madzulo a tsiku la maliro a Stefano aja anathyola nthochi imodzi yakupsa, anaisenda, anaiyang'ana, n'kuipereka kwa a Luwiza.

Kumanda kwathu kuli mitumbira iwiri yoyandikana ya munthu mmodzi. Watsopanowo adzukulu awo amalambula chaka ndi chaka, ndipo anaikapo mtanda wachitsulo. Wakale uja, umene mwini wake ankausamala yekha, palibe amaukhudzanso. Unatitimira, masamba anaukwirira, ndipo ulendo watha tinapeza pamera kamtengo ka msuku, kofika kale m'chiuno.